PHUNZIRO LA MWEZI UNO: "Kudzatentha, ndipo kudzagwa mvula ya apo ndi apo"



Wowerenga nkhani pa wailesi akafika pa zanyengo n'kunena kuti mawa kudzatentha ndipo kudzagwa mvula ya apo ndi apo, ambirife timakhala tanyamuka kale kukatereka poto pamoto. Timaona ngati palibe chimene wanena. Tikamva dzina la namondwe m'pamene timatchera khutu. Inenso ndinali wotero, ngakhale kuti pa zaka zimene ndinagwira ntchito ya unamwino, odwala ambiri amene ndinawalandira m'dzinja sanabwere ndi mphepo yamkuntho ayi. Anabwera ndi masiku wamba omwewa, a dzuwa loswa mtengo m'mawa ndi mvula masana.

Mwezi uno tiphunzire kwa anthu amene mawu amenewa amawamva pafupifupi tsiku ndi tsiku kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo anaphunzira kuwamvetsa bwino. Awa ndi anthu a pa zilumba ziwiri, Mauritius ndi Réunion.

Tiyambe taona kumene zili. Mukachoka kuno kulowera kum'mawa, mudutsa Mozambique n'kufika kunyanja yaikulu yamchere ya Indian Ocean. Mukawoloka, mupeza chilumba chachikulu cha Madagascar. Kuseri kwake, makilomita pafupifupi 700, kuli Réunion, chilumba chimene chili pansi pa dziko la France, ndipo makilomita ena pafupifupi 200 kutsogolo kuli Mauritius, dziko loima palokha la anthu oposa 1.2 miliyoni. Ndi zilumba zazing'ono. Dziko lonse la Mauritius kukula kwake n'kofanana ndi boma la Mulanje. Réunion ndi yamapiri okhaokha, ndipo nsonga yake yaitali, Piton des Neiges, ndi ya mamita 3,070, kuposa Sapitwa pang'ono chabe. Miyezi yawo yotentha ndi yamvula ndi yomweyi ya dzinja lathu.

Kutentha kwa pa chilumba

Mu Januwale, mumzinda wa Port Louis, likulu la Mauritius, masana kumatentha madigiri 31 kapena kuposerapo pang'ono. Amayi a ku Nsanje ndi Chikwawa aseka akawerenga izi, pakuti iwo mu Okutobala ndi Novembala amaona 40. Koma nambala ya madigiri payokha sinena zonse. Chilumba chazunguliridwa ndi madzi ofunda, kotero mpweya wake umakhala wodzaza chinyezi, kawirikawiri maperesenti 80. Ndi chifundizi chija amachidziwa amayi a ku Likoma, Nkhotakota ndi Mangochi mvula ikamakonzeka kugwa, choti usiku munthu ungotembenukatembenuka pamphasa, tulo osabwera.

Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri 37. Likayamba kupitirira, limatulutsa thukuta. Ambiri timaganiza kuti kunyowako ndiko kumaziziritsa, koma chimene chimaziziritsa ndi kuuma kwa thukutalo, chifukwa likamauma limachoka ndi kutentha. Tsono mpweya ukakhala kuti wakhuta kale chinyezi, thukuta siliuma. Limangoyenderera. Munthu akutaya madzi ndi mchere wa m'thupi, koma thupi osazizira. Mumadziwa momwe zovala zimakanira kuuma pachingwe tsiku la mitambo ngakhale kunja kukufunda. Khungu lathu limavutika chimodzimodzi. N'chifukwa chake madigiri 31 a pa chilumba akhoza kufooketsa munthu kuposa 35 a kumalo kouma, ndipo akatswiri a zanyengo a kumeneko polosera sanena madigiri okha, amachenjezanso za chinyezi.

Amene amayamba kugwa ndi makanda ndi okalamba. Agogo samva ludzu msanga, ndiye musadikire kuti apemphe madzi. Ikani kapu pafupi ndipo muwakumbutse, makamaka ngati amamwa mankhwala a BP amene amakodzetsa. Njira yapafupi yodziwira ngati munthu akumwa mokwanira ndi mkodzo. Ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi.

Pa makanda ndiimepo pang'ono. Tsiku lina, pa chipatala china chimene ndinkagwira ntchito, kunabwera mayi wachitsikana atabereka khanda la miyezi inayi. Anali atayenda wapansi dzuwa lili paliwombo, mwana atavekedwa chipewa cha ulusi, atafundikidwa bulangete, pamwamba pake chitenje. Mwanayo anali atatsegula m'mimba masiku awiri. Liwombo linali litalowa, ndipo kumudzi anali atapakapo mankhwala akuda poganiza kuti ndi nthenda ya liwombo. Amayi anzanga, liwombo likalowa ndiye kuti mwana watha madzi m'thupi. Chopaka pamutu sichingabweze madziwo. Mwana uja tinamuika diripi ndipo anachira, koma akanachedwa ndi theka la tsiku sindikhulupirira kuti ndikanakuuzani zomwezi. Mayiyo sanali wosasamala. Anachita zimene anaphunzitsidwa, kuti khanda lisapitidwe mphepo. Ife akuluakulu ndife timaphunzitsa zimenezi, ndiye ndife tiyenera kuonjezerapo kuti tsiku lachifundizi bulangete lichoke. Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi asapatsidwe madzi, angoyamwa pafupipafupi. Akayamba kutsegula m'mimba, Thanzi ORS paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, kumumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni uku akuyamwabe, uku muli pa ulendo wa kuchipatala.

Munthu wamkulu akayamba kusokonezeka mutu kapena kulankhula zosamveka chifukwa cha kutentha, thupi lili moto, imeneyo ndi ngozi yoti akhoza kumwalira. Mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumuthire madzi thupi lonse n'kumamukupiza, wina akufuna galimoto.

Mvula ya apo ndi apo si mvula yochepa

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. "Apo ndi apo" akunena za malo. Sakunena za kuchuluka kwa mvulayo. Pa chilumba, dzuwa likatuluka nthaka imafunda msanga kuposa nyanja. Mpweya wa pamtunda umakwera, ndipo wonyowa wochokera kunyanja umalowa m'malo mwake. Ukakumana ndi mapiri umakankhidwira m'mwamba, kumene umazizira n'kusanduka mitambo. Pofika masana mitambo ija yakhwima, ndipo imakhuthula madzi ake onse pa dera limodzi, pomwe dera loyandikana nalo anthu akuyanika zovala. Mphepo ya kumeneko nthawi zambiri imachokera kummwera chakum'mawa, kotero mbali ya kum'mawa ya zilumbazi ndi yamvula kwambiri, ya kumadzulo ndi youma. Amene mumakhala mozungulira phiri la Mulanje mukuzidziwa izi, momwe kuminda ya tiyi kumanyowera pamene ku Phalombe kuli gwaa.

Mvula amaiyeza m'mamilimita, ndipo n'kofunika kuti mawu amenewa tiwamvetse. Jambulani pansi malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi yothiridwa pamenepo. Choncho mukamva kuti kwagwa mamilimita 20, ndiye ndowa imodzi ya malita 20 pa kamalo kakang'onoko, ndipo chimodzimodzi pa mita iliyonse ya denga lanu, bwalo lanu ndi phiri lonse la kumtunda kwanu.

Pa 30 Malichi 2013, Loweruka loti mawa lake ndi Pasaka, anthu a ku Port Louis anali m'tauni monga mwa masiku onse. Kunalibe namondwe. Masana kunagwa mvula ya mamilimita 152 m'maola ochepa chabe, ndowa zisanu ndi ziwiri ndi theka pa mita iliyonse. Mzindawu uli m'tsinde mwa mapiri, pafupi ndi nyanja, ndiye madzi onse a kumapiri anatsikira m'misewu nthawi imodzi. Anthu 11 anamwalira. Ena mwa iwo anali mu njira ya oyenda pansi yodutsa kunsi kwa msewu, malo amene munthu angaganize kuti n'ngabwino kubisalirako mvula. Madera ena a chilumba chomwecho tsikulo sanaone zoterezi.

Ku Réunion ndiye mvula yake n'njosasimbika. Pa malo otchedwa Foc-Foc, mu Januwale 1966, namondwe Denise akudutsa, kunagwa mamilimita 1,825 m'maola 24, ndipo palibe malo ena pa dziko lapansi pamene panayezedwa mvula yoposa imeneyi pa tsiku limodzi. Ndi mvula ya ku Lilongwe ya zaka pafupifupi ziwiri. Anthu a pa chilumbachi amadziwa kuti khwawa louma si njira. Likhoza kudzaza m'kanthawi kochepa ndi madzi a mvula imene yagwa kumtunda, pamene pomwe mwaimapo sipanadonthe n'komwe. Ku Mauritius, chenjezo la mvula yamphamvu likaperekedwa, sukulu zimatsekedwa. Kwathu kuno sukulu sizitsekedwa kawirikawiri chifukwa cha mvula, ndiye ndi udindo wa kholo kuuza mwana amene amawoloka mtsinje kuti akaona mitambo yakuda kuphiri, kapena madzi ayamba kufiira ndi kubwera ndi zinyalala, adikire kutsidya komweko ngakhale kude. Ndi bwino agone ndi njala kwa achibale.

Zimene mvula imasiya

Mvula ya mvumbi, yogwa masiku angapo osaleka, imakokolola zambiri. Yogwa n'kusiya, dzuwa n'kuwala, imasiya timadzi m'chilichonse chimene chingasunge madzi, ndipo kutentha kumathamangitsa moyo wa udzudzu. Pa nyengo yotere, kuchoka pa dzira kufika pa udzudzu wouluka zimatenga sabata imodzi kapena masiku khumi.

Chodabwitsa n'chakuti zilumba ziwirizi zinathana ndi malungo kalekale. Bungwe la WHO linavomereza kuti ku Mauritius malungo atha mu 1973, ku Réunion mu 1979. Koma udzudzu uli mitundu yambiri. Umene umawavutitsa iwo ndi wakuda wa mizere yoyera m'miyendo, dzina lake Aedes. Umenewu umaluma masana, makamaka m'mamawa ndi chakumadzulo, nthawi imene palibe ali mu neti. Suswana m'madambo. Umakonda zitini, matayala akale, zikamba za kokonati, mbale zoika pansi pa miphika ya maluwa, migolo yosavundikira. Mazira ake amamatirira m'mbali mwa chitini ndipo akhoza kukhala miyezi ali ouma, kudikira mvula ina.

Mu 2005 ndi 2006 udzudzu umenewu unafalitsa matenda a chikungunya ku Réunion, ndipo munthu mmodzi mwa atatu alionse pa chilumbapo anadwala. Taganizani m'gulu lanu la amayi 30, khumi ali chigonere. Dzina la matendawa ndi la kufupi ndi kwathu konkuno. Ndi la Chimakonde, chilankhulo cha kummwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, ndipo limanena za kupindika, chifukwa mfundo za m'thupi zimapweteka mpaka munthu kuyenda chowerama. Ena ululuwo umawatsalira miyezi yambiri. Mu 2025 matendawa anabukanso ku Réunion. Udzudzu womwewu umafalitsanso dengue.

Pa dengue pali mfundo imodzi imene ndikufuna muisunge, poti ana athu ena amapita ku Mauritius kukaphunzira kapena kukagwira ntchito, ndipo ena amachita malonda ku Dar es Salaam ndi kugombe la Mozambique kumene matendawa amapezekanso. Munthu akabwera kuchokera kumalo otere thupi likutentha, akayezetsa malungo n'kupezeka kuti alibe, musamupatse asipirini kapena brufen. Dengue imachepetsa mphamvu ya magazi youndana, ndipo mankhwala awiriwa akhoza kuyambitsa kutaya magazi. Panado yekha, madzi ambiri, ndipo adokotala auzidwe kumene munthuyo wachokera.

Njira imene a zaumoyo a pa zilumbazi amalimbikitsa ndi yosalira ndalama: kamodzi pa sabata kuzungulira nyumba, kukhuthula chilichonse chosunga madzi, kutsuka m'mbali mwa migolo ndi kuivundikira. Kamodzi pa sabata chifukwa cha masiku asanu ndi awiri aja. Kwathu kuno zimenezi sizilowa m'malo mwa neti ayi, pakuti udzudzu wa malungo umaluma usiku ndipo umaswana m'zithaphwi ndi m'maenje oumbira njerwa. Koma Aedes nayenso alipo m'matauni mwathu, ndipo zitini ndi mabotolo a pulasitiki zikuchulukirachulukira.

Madzi osefukira ali ndi zawonso. Ku zilumba amaopa leptospirosis, matenda ochokera mu mkodzo wa makoswe, amene amalowera pa chilonda kapena pa ming'alu ya kuphazi munthu akamayenda m'matope opanda nsapato. Ife timadziwa kwambiri kolera. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022, anamondwe Ana ndi Gombe atangodutsa, unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Chitsime chikalowa madzi a mvula, madzi ake aphitsidwe kapena athiridwe klorini, ngakhale akuoneka oyera bwanji.

Nyanja yofunda

Tsopano tifike pa chifukwa chimene ife a ku Malawi, amene tilibe gombe la nyanja yamchere, tiyenera kusamalira nyengo ya pa zilumba zakutalizi. Chifundizi ndi mvula ya masana ija ndi chizindikiro chakuti nyanja yafunda. Namondwe amabadwa pa madzi ofunda madigiri 26 kapena 27 kupita m'mwamba. Mitambo yomweyo ya mvula ya apo ndi apo ikaunjikana pamodzi pa nyanja yotere n'kuyamba kuzungulira, ndiye chiyambi chake. Si nthawi zonse pamene zimafika pamenepo, ndipo masiku ambiri amangotha ndi mvula wamba. Koma nyengo ya anamondwe m'chigawo chino cha nyanja imawerengedwa kuyambira pa 15 Novembala mpaka pa 30 Epulo, miyezi yomweyo ya kutentha ndi mvula. Likulu loyang'anira anamondwe a chigawo chonsechi lili ku Réunion, pansi pa bungwe la Météo-France, ndipo nthambi yathu yoona zanyengo ikamatichenjeza imakhala ikutsatiranso zochokera kumeneko.

Freddy tonse tikumukumbukira. Anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Pa 20 Febuluwale anadutsa kumpoto kwa Mauritius ndi Réunion. Pa 21 anagwera ku Madagascar pafupi ndi Mananjary, pa 24 analowa mu Mozambique pafupi ndi Vilankulo. Ambiri tinaganiza kuti watha. Koma anabwerera kunyanja, anapezanso madzi ofunda, n'kutenganso mphamvu. Pa 11 Malichi analowanso kudzera ku Quelimane, ndipo masiku awiri otsatira ndi aja sitidzawaiwala ku Chilobwe, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, pamene anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Anakhala masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wodziwika amene anakhalitsa chotere. Kuchoka tsiku limene anadutsa pa Mauritius kufika tsiku limene Soche anagumuka panapita masabata atatu. Sindikunena kuti pa 20 Febuluwale wina akanadziwa kuti afika kwathu. Ndikunena kuti dzina lake linali pa wailesi nthawi yonseyo, ndipo masiku omaliza machenjezo anaperekedwa.

A ku Mauritius anaphunzira mowawa. Mu 1960 namondwe Carol anagwetsa nyumba zambirimbiri, ndipo kuchokera pamenepo anthu anayamba kumanga nyumba za simenti mpaka denga lomwe. Ife ambiri sitingathe zimenezo. Koma pali china chimene amachita chimene ine chimandigwira mtima. Machenjezo awo ali m'magawo anayi. Loyamba limaperekedwa kutatsala maola 36 mpaka 48 kuti mphepo ya liwiro la makilomita 120 pa ola ifike. Lachiwiri amayesetsa kulipereka nthawi yoti anthu atsale ndi maola 12 a kuwala kwa dzuwa, lachitatu maola 6 a kuwala, lachinayi mphepoyo ikafika. Taonani kuti sawerenga maola wamba. Amawerenga maola amene munthu angaone chimene akuchita. Amene anakonza zimenezi ankadziwa kuti sungasamutse nkhalamba, ana ndi mbuzi mumdima, mvula ikugwa, magetsi atazima.

M'magulu anu mwezi uno, yesani kuwerenga motero. Tiyerekeze kuti chenjezo lamveka pa nkhani za 7 koloko m'mawa, ndipo muli ndi maola khumi ndi limodzi dzuwa lisanalowe. Kambiranani kuti nyumba ziti m'dera lanu zili m'khwawa, m'mphepete mwa mtsinje kapena m'tsinde mwa phiri, ndipo eni ake angakagone kuti. Tchulani mayina a okalamba amene amakhala okha, amayi oyembekezera amene masiku awo ayandikira ndi odwala amene sangayende, ndipo pa dzina lililonse palembedwe mayi mmodzi amene adzapite kukamutenga. Mukangoti "tidzathandizana" osatchula munthu, aliyense adzaganiza kuti mnzake wapita.

Mayi woyembekezera amene watsala ndi masabata awiri kapena atatu, ngati pakati pa iye ndi chipatala pali mtsinje, apite akadikirire kuchipatala komweko chenjezo likangomveka. Ndipo nyumba iliyonse ikhale ndi jumbo yolimba, yomanga pakamwa, yopachikidwa pamsomali pafupi ndi khomo. M'menemo mukhale mabuku a kuchipatala a banja lonse, ziphaso, machesi, mapaketi awiri kapena atatu a Thanzi, ndi mankhwala a amene amamwa tsiku ndi tsiku, kaya ndi ma ARV, a BP, a shuga kapena a khunyu. M'misasa ya anthu othawa madzi, chakudya ndi mabulangete zimafika ngakhale mochedwa, koma wodwala amene buku lake lapita ndi madzi, ndipo dzina la mankhwala ake salidziwa, namwino amavutika naye kwambiri kuti amuthandize.